Dzina la Mwana wa Vakiyumu

Mwanza Boda
12 Juni 1999

Wokondedwa mchimwene wanga Kinsley,

Moni wochuluka kuchokera kuno ku boda. Ine ndili bwino, mayi ku Thambani ali bwino kupatula bondo lija, ndipo manachesi chaka chino achita kuthyola nthambi. Kaya iwe ku Joniko ndi kuzizira komwe timamvako.

Khala pansi kaye. Ngati wanyamula ndowa ya sopo uitule, ungathire madzi m'galimoto ya bwana. Mkazi wako Vania wachira! Ndiwe bambo tsopano, iwe amene dzana lomweli ndinkakupukuta mamina. Ndikulemba uku ndikuvina, n'chifukwa chake zilembo zikukwera ndi kutsika.

Koma sizinali zamasewera ayi. Matenda anayamba Lachiwiri m'mawa, ine ndili pa benchi yanga, dalaivala wina akunenerera mulu wa manachesi. Ndinangoona apongozi ako a Luciana akubwera chothamanga, duku lili m'manja, Chichewa chonse chitawathawa, akungolankhula Chipwitikizi cha kwawo. Ndinasiya benchi, manachesi ndi dalaivala yemwe, ulendo wa kuchipatala cha boma.

Tsiku lonse mwana osatuluka. Lachitatu kunacha, mwana ali phee, ngati munthu wodikira kuti am'dindire pasipoti. Vania anakankha mpaka mphamvu zinam'thera. Azamba anati mtima wa mwana wayamba kutopa, ndiye za kudikira zathera pomwepo. Ife tili pakhonde, mitima ili m'mwamba, tinamva akuitanitsa vakiyumu. Anamukoka ndi vakiyumu, Kinsley, pamutu penipeni, ndipo sipanapite nthawi tinamva kulira. Mawu ake! A Luciana anagwada pasimenti pomwepo, ine ndinaimba nthungululu mpaka mlonda anabwera kudzandikumbutsa kuti muli odwala.

Mwana ndi wonenepa, mphuno ndi yako, pepa. Kungoti pamutu pomwe anakokerapo pali chotupa chozungulira ngati kanachesi. Azamba ati chiphwa chokha, tisachikhudze.

Tsopano nkhani ndi iyi. Mchombo ukagwa mwana atuluka m'chikuta, ndipo sangatuluke wopanda dzina ngati mwana wa mbuzi. Mwana woyamba amam'tchula dzina ndi bambo, ndiye tumiza dzina msanga. Kalatayi ndapatsira a Petro, a thiraki yobiriwira imene imadzera ku Tete. Akakupeza komwe umatsuka magalimotoko, uwapatse yankho pobwerera.

Ndine mchemwali wako amene wasanduka azakhali,
Deliwe

Johannesburg
24 Juni 1999

Okondedwa achemwali a Deliwe,

Ndalandira moni wanu, nanunso landirani wanga. A Petro anandipeza ndikupukuta magalasi. Nditawerenga kuti Vania wachira ndinawakumbatira mpaka kuwanyamula, ndipo mukuwadziwa a Petro kulemera kwake. Anzanga onse anasiya mapaipi n'kuyamba kuwomba m'manja. Kenaka ndinapitiriza kuwerenga, n'kufika pa mawu aja oti vakiyumu.

Achemwali, vakiyumu mumaidziwa inu? Ine ndi imene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Ndi chimgolo chofika m'chiuno, chili ndi chipaipi chachitali, chikalira simumvana ngakhale mutayandikana bwanji. Chimameza mchenga, zitsekerero za mabotolo, mafupa a nkhuku. Mwezi watha chinameza sokosi ya kasitomala, tinaitulutsa ili nsanza. Ndiye mwana wongobadwa kumene, liwombo likugunda, n'kumuika chimenecho pamutu? Ubongo unatsalamo koma? Kuchipatalako anasowa chogwirira china?

Pofuna kumva zomwe mnyamata wanga anamva, Lolemba ndinadikira bwana alowe mu ofesi, ndinayatsa makinawo n'kudziika paipi pamphumi. Achemwali, ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Anachita kuzimitsa ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, amene mpaka lero akandiona amagwira m'mimba. Panopa ndili ndi chizindikiro chakuda chozungulira pakati pa mphumi, ndipo makasitomala akumandifunsa ngati ndalowa mpingo watsopano. Ine munthu wamkulu, wa fupa lolimba, ndatere. Nanga iye?

Mundiyankhe izi. Akuyamwa? Mukawomba m'manja pafupi ndi khutu akudzidzimuka? Maso onse awiri akuyang'ana mbali imodzi? Kanachesi kajako kakuphwa kapena kakukula? Mukagwedeza pang'ono mutu wake mukumveka kanthu m'kati? Musagwedeze kwambiri.

Dzina ndili nalo. Ndinalisunga kuyambira tsiku lomwe Vania anandiuza kuti ndi woyembekezera. Koma ndi dzina lolemera, ndiye lidikire kaye mpaka ndimve kuti mutu wa mnyamata wanga uli bwinobwino. Vania mumuuze andilembere yekha, chifukwa inu mumakonda kukometsa nkhani.

Ndine mlongo wanu wopanda tulo,
Kinsley

Mwanza Boda
3 Julayi 1999

Okondedwa mayi,

Moni wa ulemu kwa inu ndi onse a ku Thambani. Bondo lili bwanji? Amene akukuwerengerani kalatayi awerenge pang'onopang'ono, chifukwa pena mufuna mpata wosekera.

Mdzukulu wanu ali bwino, akuyamwa ngati pali amene akufuna kumulanda. Sabata yoyamba anatiopsa, maso ndi khungu zinachita chikasu. Tinabwerera naye kuchipatala, anamugoneka akumuyang'anira, n'kutiuza kuti zimachitika kwa ana ena okokedwa chonchi chifukwa cha magazi amene amaundana pa chotupa paja. Chikasucho chinatha, ndipo chotupa chikuphwa tsiku ndi tsiku.

Tili konko ndinapempha azamba kuti andionetse vakiyumu imene yatchukayi. Mayi, ndi kachikho kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, kali ndi kapaipi ndi pampu yamanja ngati ya njinga. Amakamatika pamutu pa mwana, mayi akamakankha iwo n'kumakoka pang'onopang'ono. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Koma mwana wanu wa ku Joni uja akuganiza kuti anagwiritsa ntchito chimakina chokokera zinyalala m'galimoto, chimene amagwira iyeyo kuntchito, chifukwa dzina lake ndi lomwelo. Moti anachiyatsa n'kudziika pamphumi kuti amve kuwawa kwake, ndipo panopa akuyenda m'tauni ya eni ake ndi chidindo pankhope. Ndinalephera kupirira, ndinawerengera anthu kalatayo pa benchi yanga. Madalaivala anaseka mpaka wina anatsamwa ndi nthanga ya nachesi. Ndinalakwitsa pomwepo, chifukwa tsopano boda yonse ikumutchula mwanayu kuti Vakiyumu. Osintha ndalama akamadutsa amandifunsa kuti, “Azakhali, a Vakiyumu adzuka bwanji?” Ndipo tiwaletsa bwanji, poti dzina lenileni kulibe? Kinsley akuti alisunga mpaka atsimikize kuti mutu wa mwana uli bwino. Mchombo unagwa kalekale, mwana anatuluka m'chikuta wopanda dzina.

Pali chinanso. Kalata yonse akungoti “mnyamata wanga, mnyamata wanga.” Ndinadabwa kuti mnyamata wake uti. Kenaka ndinakumbukira kuti m'kalata yanga ndinangoti mwana, mwana, osanena kuti ndi wamkazi. Chisangalalo chinandiiwalitsa, ndipo iyenso sanafunse.

Amene sanaseke ndi Vania. Mayi, mlamu wanga anavutika. Pokoka mwana anachita kum'dula njira n'kumusoka, moti mpaka lero amakhala chammbali, poyenda amagwira khoma. Akatsokomola timadzi timadontha, ndiye akuchita manyazi kutuluka pagulu. Anamwino ati zipola, azipita kukaonedwa. Ndinamuwerengera kalata ya mwamuna wake mpaka kumapeto, iye n'kufunsa kuti, “Alamu, palibe tsamba lina?” Ndinati palibe. Kenaka anati, “Mafunso onsewo ndi a mutu wa mwana. Ndiye kuti akuganiza kuti mwanayu tinakamutola ku sitolo?” Za dzina lodikira zija ndiye zamulasa pamtima. Wakana kumulembera, ndipo wandilumbiritsa kuti ndisamuuze Kinsley kuti mwana ndi wamkazi mpaka afunse yekha. Zina zonse, za kachikho ndi za chotupa, ndamulembera, kalata yapita ndi a Petro.

Mubwere mudzaone mdzukulu. Koma nsalu yanu yothowera ija muisiye kunyumba. Azamba anenetsa kuti chotupa chisathowedwe, chisafinyidwe, chisatemedwe mphini. Ndikukudziwani, n'chifukwa chake ndalemba kawiri: nsalu isiyeni.

Ndine mwana wanu,
Deliwe

Johannesburg
19 Julayi 1999

Wokondedwa mkazi wanga Vania,

Moni. Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupeza, ndaipatsira mayi wina wa geni wa ku Neno amene akubwera pa basi.

Mwezi ukutha tsopano, kuchokera kumeneko kuli zii. A Petro sanaonekenso. Thiraki iliyonse yobiriwira ikadutsa ndimaithamangira ndi chinkhupule m'manja. Achemwali amene sakhala chete ngakhale pa maliro akhala chete, iwenso chete. Ine si mwana, ndikudziwa kuti anthu akatere ndiye kuti pali chimene akubisa.

Ndayesetsa kufufuza ndekha. Loweruka ndinalowa m'sitolo yaikulu ya zamagetsi n'kupempha kuti andionetse vakiyumu yaing'ono kuposa zonse. Yaing'onoyo inameza mpango wa wogulitsa ine ndikuona. Lachitatu kunabwera dona wina kudzatsukitsa galimoto, ali ndi khanda pampando wakumbuyo. Ndinam'funsa mwaulemu, m'Chizungu changa chomwechi, ngati mwana wake anamukokanso ndi huva, paja azungu vakiyumu amaitcha choncho. Anatseka magalasi onse n'kukandinenera kwa bwana. Bwana atayang'ana chidindo cha pamphumi panga anangopukusa mutu n'kundiuza kuti ndizitsuka matayala okha.

Ndikuuze za dzina lija kuti umvetse. Ndi Timoti, dzina la malemu bambo anga. Iwe sunawaone, koma funsa aliyense ku Thambani. Anali munthu wa mutu. Nyimbo zonse za m'tchalitchi zinali m'mutu mwawo, ankatsogolera kwaya opanda buku m'manja, ndipo munthu akalumpha ndime ankam'tembenukira. Dzina limeneli ndili nalo limodzi, silibwerezedwa. Sindingaliike pa mwana amene mawa anthu azidzamuloza kuti mutu wake sugwira. Ndingawachititse manyazi bambo kumanda.

Ndiye undiuze zoona, usandimvere chisoni. Ngati mnyamatayo ali bwinobwino, ndi Timoti. Ngati makina aja anamuwononga, mum'pezere lina lililonse, ndidzamusamala ndithu, koma la bambo lidikire wina.

Ndine mwamuna wako,
Kinsley

Mwanza Boda
28 Julayi 1999

Iwe Kinsley,

Ndine mayi ako, Malita. Akulemba ndi Deliwe, ndipo ndamuuza kuti alembe momwe ndikunenera, asathiremo shuga. Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo.

Ndabwera kuno ku boda pa pikapu, bondo langa lili pa thumba la mtedza njira yonse. Ndinatenga nsalu yanga yothowera, ngakhale mlongo wakoyu anandiletsa, chifukwa ana nonsenu ndinakuthowani ndipo palibe anafa. Nditangoviika m'madzi otentha, asewere anga a Luciana anailanda. Tinakokana, iwo akukalipa m'Chinyungwe, ine m'Chichewa, aliyense osamva mnzake, mpaka tonse tinagwa pamphasa n'kuyamba kuseka. Nsaluyo panopa ndi thewera. Deliwe, zimenezo usalembe. Walemba kale, basi zisiye.

Tsiku lomwelo inafika kalata yako, ndipo mpongozi wanga analira. Sanalire pobereka, akutero azamba, koma analira ndi kalata yako. Deliwe anandiwerengera. Iwe, mutu wa bambo ako ukuudziwa kuposa ine? Nyimbo ankazidziwadi, sindikana. Koma mutu womwewo unaiwala njinga pamsika wa Thambani, munthu n'kubwera wapansi akuimba, ndipo atafika anandifunsa ine kuti njinga ili kuti. Sizinachitike kamodzi. Ndiye usatiopseze ndi dzina lolemera, ndinalinyamula ndine zaka zonsezo ndipo ndikudziwa kulemera kwake.

Iweyo unabadwa mutu uli wosongoka ngati chinangwa. Anthu ankabwera kudzakuona n'kumachoka osanena kanthu. Bambo ako sanadikire kuti uwongoke. Mchombo utagwa anakunyamula, anakutchula dzina, anapita nawe panja.

Makalata awiri walemba. Mkazi wako wamufunsa kuti ali bwanji? Ukudziwa kuti anasokedwa? Ukudziwa kuti mpaka sabata yatha amadya chogona chifukwa kukhala pansi kumam'pweteka? Iwe kuwawa kwa paipi pamphumi wauza dziko lonse.

Za mutu wa mwana sitikuuza kanthu. Kalata imene Deliwe analembamo zonse ili ku Tete, thiraki ya a Petro inathyoka chitsulo cha kumatayala ndipo akudikira china. Ikhale konko. Mpongozi wanga wati usauzidwe chilichonse, ndipo ine ndili mbali yake. Chimene ungadziwe ndi ichi: mwana ali moyo, ubatizo uliko pa 15 Ogasiti. Abambo mfumu akadzafunsa dzina ife n'kukhala chete, anthu a pa boda adzayankha okha, chifukwa iwo anam'patsa kale lawo. Akumutchula Vakiyumu. Ana a sukulu apeka kale nyimbo yake. Ukafuna mwana wako akule akuitanidwa choncho, pitiriza kusunga dzinalo m'thumba.

Ndatha.
Mayi ako

Kinsley, ndine Deliwe. Mayi akundiyang'ana cholembera, akuti ngakhale sadziwa kuwerenga amadziwa kutalika kwa mawu awo. Ndangoti ndikuuze kuti nyimbo ija ndi yokoma, ndipo inenso nthawi zina imandituluka ndekha. Fulumira. Kalatayi ikubwera ndi mayi wa ku Neno yemwe uja.

Johannesburg
5 Ogasiti 1999

Okondedwa mayi a mwana wanga,

Muli bwanji? Ndayamba ndi funso limeneli chifukwa linayenera kukhala loyamba m'mwezi wa Juni. Muli bwanji inuyo, Vania? Bala likupola? Mukutha kukhala pansi tsopano? Mukudya? Ndani akukutungirani madzi? Pamene mphamvu zinakutherani paja munaopa? Ine ndinali kuno kupukuta magalasi a anthu, osadziwa kanthu, ndipo nditamva ndinangothamangira ku makina ngati kuti makinawo ndi amene anabereka. Ndachita manyazi, ndipo manyazi ake aposa a chidindo chija.

Kalata ya mayi ndinaiwerengera kuseri kwa thanki ya madzi. Mnzanga wa ku Zimbabwe atandipeza anafunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Ndinati ayi, angondikalipira mayi. Iye anati nkhope yanga ikuoneka ngati andikalipira mayi atatu.

A Petro sanafikebe, ndiye za mutu wa mwana sindikudziwa kanthu mpaka lero. Ndipo musandiuze kaye, werengani izi poyamba. Dzina lake ndi Timoti. Kaya akumva kaya sakumva, ndi Timoti. Kaya kanachesi kaja kanaphwa kaya adzakula nako mpaka kudzasowa chipewa chomukwana, ndi Timoti. Akadzakhala wochedwa kugwira zinthu, ndidzakhala naye pansi mpaka agwire, ndipo akapanda kugwira tidzakhala tonse pansi pomwepo. Ngati sadzamva, wapulumuka ku kaimbidwe kanga, poti mphatso ya bambo ija inandilumpha. Ndi mwana wathu, munam'vutikira, ndipo dzina ndi lake. Ndinalakwa kuliika pa sikelo.

Chonde, chonde, asam'batize Vakiyumu. Achemwali muwauze kuti nyimbo ija aisiye.

Ndatumiza kapilo kofewa, kamene madalaivala a maulendo ataliatali amakhalira. Wogulitsa wati kamathandiza anthu amene kukhala pansi kumawavuta. Sindinam'fotokozere zambiri, ndaphunzira kusafunsafunsa anthu achilendo nkhani za uchembere.

Ndikupemphani mundilembere, ngakhale mizere iwiri, ngakhale yondikalipira. Mundipsompsonere mnyamata wanga pamutu pomwepo.

Ndine mwamuna wanu,
Kinsley

Mwanza Boda
17 Ogasiti 1999

Okondedwa amuna anga,

Ndili bwino, zikomo pofunsa. Mwachedwa, koma mwafunsa. Ndikulemba nditakhala pampando, tsonga ngati mlembi wa ku kasitomu, kapilo kanu kali pansi panga. Kanafika bala litapola kale, koma sindikapereka kwa munthu. Mayi anga anakayesa, apongozi anakayesanso, ndipo akanakanganirana ndikanapanda kukabisa.

Mwafunsa ngati ndinaopa. Ndinaopa kwambiri. Sindinaope makina ayi, ndinaopa pamene azamba anaika chomvera pamimba n'kuyang'anizana. Ndinkakankha koma thupi linali litasiya kundimvera. Atabwera ndi kachikho kaja anandiuza kuti, “Mayi, inu kankhani, ife tikoka, tithandizane.” Tinathandizanadi. Kachikho kamene kakusowetsani tuloko ine ndimakathokoza m'pemphero, chifukwa popanda iko sindikudziwa ngati mukanakhala ndi woti mum'patse dzina, kapena woti mum'lembere kalata. Ndi kakang'ono, kangakwane m'dzanja lanu. A Petro akadzafika ndi kalata ya alamu mudzawerenga kukula kwake, ndipo mudzadziyang'ane pagalasi.

Masabata oyamba anali owawa. Ndinkayenda chogwira khoma, ndipo panali vuto lina la manyazi limene sindilemba pano, alamu angawerengere madalaivala. Latha, anamwino andiona Lachinayi n'kunena kuti zonse zabwerera m'malo. Dzulo ndinaseka mpaka misozi osaopa kanthu, ndipo amene akudziwa akudziwa chimene ndikutanthauza. Koma kalata yanu yachiwiri ija inandipweteka kuposa ulusi. Ndinakwiya nanu, ndipo ndinkafuna kuti mudziwe.

Tsopano za mutu, poti munapereka dzina musanamve. Chotupa chinaphwa chonse, mutu ndi wozungulira bwinobwino, tsitsi lamera pomwe panali kachizindikiro. Akumva, moti thiraki ikaliza hutala pa geti amadzidzimuka n'kukwiya. Maso amanditsatira ndikamayenda m'nyumba. Sabata yatha anayamba kumwetulira, ndipo woyamba kumwetuliridwa anali wosintha ndalama wina wopanda mano akutsogolo, zimene zawapweteka kwambiri alamu. Ku sikelo akukwera mwezi ndi mwezi. Simunalandire mwana wowonongeka, ndipo ndikusangalala kuti munavomera musanadziwe zimenezi.

Kalata yanu inafika Lachisanu, ubatizo uli Lamulungu. Ndinaiwerenga ndekha kuseri kwa nyumba, kenaka ndinaitana onse. Nditafika poti “dzina lake ndi Timoti,” apongozi anagwira pakamwa, alamu anathawira panja kukasekera ku mpanda. Paja pali funso lina limene mpaka lero simunafunse, ndipo ndatopa kudikira. Amuna anga, mwana wanu ndi wamkazi.

Pumani kaye. Musayatse makina aliwonse.

Loweruka lonse tinali pa mlandu. Apongozi amati tisankhe lina, alamu amati tibwereke la woyera wina aliyense pa kalendala. Ine ndinakana. Ndinati dzina limeneli ndalidikira miyezi iwiri, labwera ndi mtima wonse, silibwerera ku Joni. Apo mayi anga, amene ankasenda chinangwa, anati kwawo ku Zobue, kutsidya kwa boda, dzinali lili ndi mbali ziwiri, mwamuna amati Timoteo, mkazi amati Timotea, ndipo iwo anakula ndi Timotea wina amene ankamenya anyamata onse pa chitsime. Apongozi analitchula katatu kuti alilawe, kenaka anati bambo anu akanaliimba.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, chifukwa anthu a pa boda anabwera kudzamva ngati tikhaladi chete. Abambo mfumu atafunsa dzina la mwana sindinadikire amene anam'nyamula, ndinayankha ndekha mokweza mpaka a kumbuyo anamva. Timotea. Madzi atam'khudza pamutu analira mawu aja munawamva m'kalata yoyamba, ndipo a kwaya anachita kuimba mokweza kuti amupose, koma sanamupose.

Wadzuka tsopano, akufuna bere, ndiye ndilekera pano. Mubwere pa Khirisimasi asanayambe kukwawa. Ndipo mukamalemba kalata ina muyambe ndi kum'patsa moni mwana wanu wamkazi, chifukwa moni wonse mpaka lero mwakhala mukupatsa mnyamata amene kulibe.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a Timotea